Njinga Yogwada

Ndinaigula kwa mzungu wa ku Emmarentia
amene mawondo anamukana.
Marandi mazana asanu ndi atatu, ndinalipira katatu,
iye n'kundionetsa pofinya ndi popinda:
kha! kha! njinga yagwada
ngati mkamwini woyamba kuonekera.

Ine amene ndinapalasa kabaza pa Lunzu zaka zisanu ndi chimodzi,
ndinakweza azimayi pamodzi ndi mbuzi zawo,
matumba a feteleza, malata,
tsiku lina bokosi la mwana,
lero ndine ndikunyamula njinga m'khwapa.
A pa siteji atandiona angafe ndi phwete.

Hafu faifi pa Naledi, mwezi wa Julaye,
pakamwa pa aliyense pakufuka nthunzi.
Sitima isanaimitsitse, tadzaza kale.
Muno mulibe malo a munthu wathunthu:
phazi limodzi pansi, lina likudikira mpata,
mphuno yanga pa jekete la munthu wosuta,
njinga pakati pa miyendo, yazizira ngati nkhwangwa.
Bogi la kutsogolo akulalikira,
akumenya khoma la sitima m'malo mwa ng'oma.
Mnyamata wa maswiti akudutsa, sindidziwa akudutsa pati.

Joni inandiphunzitsa kupinda zambiri.
Ndalama ndimapinda m'sokosi.
Pasipoti ndimapinda m'pulasitiki ya buledi.
Lilime ndiye ndimalipinda kanayi,
foni ikalira kuchokera kumudzi ndimangoiyang'ana
mpaka itatopa.

Titapitirira New Canada, sitima inabuula n'kuima.
Magetsi zii.
Wina anati mawaya aba usiku, wina anatukwana boma,
tonse tinatsamirana ngati mapesi,
ndipo tcheni changa chinapsompsona diresi loyera
la mayi amene anali pambali panga.
Mano asanu ndi awiri akuda, ndinawawerenga,
pa yunifomu yositasita ya chipatala.

Lilime linadzitambasula lokha:
Pepani mayi, pepani ndithu!
Bogi lonse linamva.
Maso angapo anatembenuka kundiyeza.

Anayang'ana banga, anayang'ana ine,
kenaka wotchi yolendewera pachifuwa pake.
Baji yake inati Dikeledi.
Sanatukwane. Analoza ndi chibwano pakati pa miyendo yanga
n'kufunsa m'chizungu: chinthu chakocho chimakweza awiri?

Mayi inu, mukanandipeza pa Lunzu!
Pa keliyala panga panali khushoni yofiira ya mphonje,
zopondera ziwiri, chogwirira chowotcherera,
belu lomveka kutsidya kwa msika.
Bwenzi mutafika kwa odwala anu tiyi asanazizire.
Koma iyi ilibe msana.
Ndi njinga ya munthu mmodzi,
yopangidwira dziko la munthu mmodzimmodzi.

Ndinapukusa mutu. Iye anaseka pang'ono,
natulutsa kansalu, nalavulira, nayamba kupukuta,
banga n'kumakulirakulira.

Anyamata anakanula chitseko.
Anthu anayamba kudumphira pa miyala, mzere kulowera ku Langlaagte,
zikwama pamutu, nsapato za ku ofesi zikuterereka.
Ndinatsika, ndinamugwira dzanja natsika.
Pa msewu ndinaidzutsa njinga, kha! kha!
Ndinaima kanthawi, phazi pa pedulo.
Bwana wanga amadula ola lathunthu ukachedwa mphindi khumi.

Ndinapalasa.
Timatayala tating'ono, mawondo kufika m'chibwano,
mataxi akundiimbira hutala ku khutu,
Main Reef yonse fumbi lachikasu la migodi yakale.
Sindinacheuke mpaka pa maloboti achiwiri,
ndipo pamenepo zoyera zinali zambiri m'khamumo,
sindinadziwe kuti iye ndi uti.

Madzulo ano ndatsuka tcheni ndi palafini,
ndachikulunga m'mwendo wa buluku lakutha.
M'thumba la jekete ndaika kachidutswa ka sopo wobiriwira.
Sitima ya hafu faifi ili ndi mabogi ambiri,
ndipo sindikumbuka kuti tinali la chingati.